Mtengo wa Makadamiya M'chigubu

Ku Chikangawa mitengo ndi yosawerengeka, koma yodyedwa zipatso zake ndi yochepa. Nkhalango ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe, ndipo lero paini wake amasanduka matabwa. Ambiri a ife tikukhala m'nyumba za pantchito kapena za lendi. Munthu wotere sadzala mtengo wazipatso pakhomo, chifukwa ntchito ikatha amanyamula katundu n'kusiya zonse zili m'nthaka. N'chifukwa chake mtengo wanga wa makadamiya uli m'chigubu. Munda wathu uli kumudzi, kufupi ndi Mzimba boma, ndipo mpaka tidzasamukire kumeneko palibe woti angauthirire kapena kuutchinjiriza ku mbuzi.

Chidwi cha mtedza wa m'mitengo chinandigwira kudzera m'ntchito ya zaumoyo pampingo. Mu 1992, Dr. Gary Fraser ndi anzake a pa Loma Linda University ku America anafalitsa zomwe anapeza atatsata Aadiventi oposa 31,000 a ku California: amene ankadya mtedza kasanu kapena kuposerapo pamlungu anali ndi chiopsezo chochepa kwambiri cha matenda a mtima poyerekeza ndi amene ankaudya mwa apo ndi apo. Chaka chotsatira, Dr. Joan Sabaté wa pomwepo anaonetsa kuti mtedza wa walnut umatsitsa kolesterolo m'magazi. Nditafotokoza zimenezi tsiku lina masana a Sabata, mayi wina wa Dorika anafunsa kuti, "Achimwene, walnut ameneyo tikamugula kuti?" Funsolo linali loona. Walnut amafuna nyengo yaitali yachisanu chenicheni kuti abereke bwino, ndipo kuno sitimuona m'minda. Mtedza wathu wamba, ukaumitsidwa bwino ndipo ulibe chuku, uli ndi mafuta abwino omwe thupi limafuna. Koma mtengo wa mtedza umene umakula m'dziko lathu ndi makadamiya. Unachokera ku Australia, ndipo umalimidwa ku Thyolo, ku Mulanje, ku Ntchisi, ku Nkhata Bay ndi kuno ku Mzimba.

Mbande yanga ndinaigula ili m'chubu chakuda, yomezanitsa kale. Yomezanitsa imayamba kubereka pakatha zaka zinayi kapena zisanu, pamene yomera kuchokera ku njere imachedwa kuposa apo ndipo sudziwa mtundu wa mtedza umene idzakupatse. Ndalama yake inali yoti ikanagula ndiwo za masiku angapo, ndipo mayi a kunyumba sanabise maganizo awo pa mtengo umene sudzadyetsa munthu chaka chino.

Chubu sichisunga mbande nthawi yaitali. Zizindikiro zake n'zoonekeratu: mizu imatulukira m'mabowo a pansi, madzi ukathira amangodutsa osanyowetsa dothi, masamba atsopano amatuluka ang'onoang'ono. Mkatimo mizu imakhala itayamba kuzungulira, ndipo muzu ukazolowera kuzungulira suwongokanso wokha. Mtengo wotere ngakhale mutaudzala m'munda wachonde, umakula monyentchera, ndipo mphepo yamphamvu imauzula.

Nthawi yabwino yosamutsa ndi pamene mvula yakhazikika, cha mu Disembala. Mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira koopsa, ndipo mizu yovulala sichira msanga m'dothi lozizira. Ndinapeza chigubu cha malita 20 chomwe munali mafuta ophikira, n'kuchitsuka ndi madzi otentha. Chigubu chomwe munali mafuta a galimoto kapena mankhwala a mbewu musachiyandikire. Ndinachidula pamwamba, n'kuboola pansi ndi msomali wotentha mabowo ambiri, chifukwa makadamiya amadana ndi madzi odikha. Mizu ikakhala m'matope masiku angapo imaola.

Pa dothi ndi pamene Chikangawa watikomera mtima. Makadamiya amakonda dothi lofewa, lowawasa pang'ono, lofanana ndi la pansi pa paini. Ndinasakaniza magawo awiri a dothi lapamwamba lakuda, gawo limodzi la makungwa a paini owolerana, ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje, n'kuwonjezera manyowa a ng'ombe okhalitsa odzaza manja awiri. Utuchi watsopano wa kumacheka uli paliponse ndipo ndi waulere, koma musauike m'chigubu. Pamene ukuwola umalanda chakudya chomwe chikanapita kumasamba, ndipo mtengo umasanduka wachikasu. Samalaninso ndi feteleza. Mizu ya makadamiya ili ndi timagulu ta timizu tothithikana tomwe timakoka chakudya ngakhale m'dothi losauka, ndipo feteleza wokulitsa chimanga, wokhala ndi fosifolasi wambiri, amatha kuupweteka. Manyowa pang'ono kawiri pachaka amakwanira.

Tsiku losamutsa ndinathirira mbandeyo m'mawa, n'kudikira madzulo dzuwa litapepa. Chubu ndinachicheka ndi lumo m'mbali, osakoka mtengo. Mizu yomwe inazungulira pansi ndinaimasula ndi zala, yopindika kwambiri n'kuidula ndi mpeni wakuthwa. Mtengo uyenera kukhala pa msinkhu womwewo umene unali m'chubu. Pomezanitsa paja, pamene pali kachipsera pathunthu, pazikhala pamwamba pa dothi nthawi zonse, ndipo mphukira iliyonse yotuluka pansi pake muziithyola, chifukwa ndi ya tsinde lapansi ndipo ikakula imalanda mphamvu za mtengo umene munagula. Ndinatsendera dothi pang'ono, kuthirira mpaka madzi atatulukira pansi, n'kuika chigubucho pamthunzi milungu iwiri chisanabwerere padzuwa.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku si chovuta, koma sichifuna kuiwala. Chigubu chili pa njerwa zitatu kuti madzi azituluka ndiponso chiswe chisapeze njira. Pamwamba pa dothi pali masamba ouma a paini, osakhudza thunthu. Ndisanathirire ndimapisa chala. Ngati mkati muli chinyezi, ndimasiya. M'nyengo ya nkhungu pamatha masiku ambiri osafunika madzi, koma mu Okutobala ndimathirira pafupifupi tsiku lililonse, ndipo Lachisanu ndimathirira mokwanira dzuwa lisanalowe. Madzi a sopo ochapira sapita mmenemo. Usiku wa mu Juni, kumwamba kukayera mbee popanda mtambo ndipo mphepo yaleka, ndimadziwa kuti chisanu chigwa. Pamenepo ine ndi mwana wanga wamkulu timanyamula chigubucho n'kuchiika pakhonde, pafupi ndi khoma. Mtengo waung'ono wa makadamiya chisanu chimaupha, ndipo apa chigubu chimaposa munda.

Sindikudzinamiza kuti mtengowu ungakhalitse mmenemo. Makadamiya amakula kuposa denga la nyumba, ndipo chigubu chingausunge zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Chaka chamawa udzafunika theka la mgolo, kenako nthaka. Zimenezi zandipatsa malire a nthawi amene ndinalibe kale. Kwa zaka zambiri takhala tikunena kuti tidzamanga kumudzi, koma mawuwo analibe tsiku. Tsopano njerwa tawotcha, chifukwa mizu siidikira kuti munthu amalize kuganiza. Mayi a kunyumba, omwe aja, ndi amene masiku ano amandikumbutsa za chisanu.

Pampingo pathu mabanja ena atatu ayamba kusunga mbande m'zigubu, wina mapeyala, wina mapichesi. Ndimawauza zomwe ndimadziuza ndekha, kuti mtedza si mankhwala olowa m'malo mwa chipatala. Wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi apitirize kumwa mankhwala ake ndi kukayezetsa. Mtedza wodzaza dzanja limodzi patsiku ndi wokwanira, chifukwa mafuta ake ndi ambiri, ndipo ana aang'ono muziwasinjira kuti asatsamwe. Agalu musawapatse makadamiya, amawadwalitsa.

Ngati muli m'nyumba ya eni ndipo mwakhala mukudikira malo anuanu kuti mudzadzale mtengo, funsani alangizi a zaulimi kumene mungapeze mbande yomezanitsa. Tsukani chigubu, sonkhanitsani makungwa owola mvula isanayambe, ndipo Disembala akafika mudzakhale mwakonzeka.