Anamfedwa a nthawi ya korona

Lero za mitengo ya feteleza ndazisiya kaye. Ndikufuna ndikambeko za anthu amene anafedwa nthawi ya korona, poti kuno kwa Kapelula alipo ena amene mitima yawo sinakhalebe pansi mpaka lero.

Kwathu kuno munthu salira yekha. Uthenga ukangomveka timasiya makasu, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, abambo timasonkha moto panja n'kugona pa siwa, adzukulu amalawirira kumanda. Wofedwa sagwira mthiko. Akagwa ndi kulira pali womudzutsa. Korona anabwera n'kudula zonsezi.

Matendawa atalengezedwa pa 2 April 2020, ife tinkati ndi a m'tauni, a anthu okwera ndege. Koma January wa 2021 anatitsekula maso. Pa 12 January nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo a Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Lamulo linali loti pa maliro anthu asapitirire 50.

Mwezi womwewo ndinataya achimwene anga aakulu. Bokosi linabwera lotseka kale, nkhope sitinaone, kugona pa siwa kunalibe. Dzuwa lisanapendeke tinali titabwerako kumanda. Anthu sikuti anali oipa mtima ayi, anali ndi mantha. Ena chipepeso ankapereka ataima patali, n'kubwerera pomwepo. Alamu anga anatsala m'nyumba ndi adzukulu awo awiri ang'onoang'ono, khomo lili zii ngati palibe chachitika.

Chodabwitsa n'choti chaka chimenecho chimanga chinachita bwino. Feteleza wa AIP tinagula K4,495 thumba, mvula inagwanso bwino, m'munda mwa alamu chimanga chinali chobiriwira bii. Koma iwo nsima ankangotema kawiri n'kukankha mbale. Tulo analibe. Ukawafunsa ankati, "Alamu, mtima wanga ukukana. Ndikungoona ngati apita ku Chinkhoma kukagulitsa fodya, abwera madzulo." Amene amati munthu akakhala ndi chakudya ndiye kuti ali pabwino, sanaone zimene ndinaona ine.

Chimene chinawadzutsa ndi fodya amene malemu anasiya m'munda. Fodya wa bale sadikira kuti munthu amalize kulira, akakhwima ndi kuthyola basi. Amayi a Chigwirizano anayi anayamba kubwera m'mawa kudzathandiza kusoka. Ankakhala m'chigafa motalikirana, nsalu kukamwa, manja ali pa ntchito, akuimba chapansipansi. Masiku oyamba alamu ankangopereka masamba osayankhula. Kenako anayamba kukamba za malemu, momwe ankakalipira munthu akasakaniza masamba a pansi ndi a pamwamba, mpaka tsiku lina ndinawamva akuseka. Atatopa, usiku anayambanso kugona. Ku banki m'khonde anabwerera okha, popanda wowakakamiza.

Amene ndimawadera nkhawa ndife abambo. Amayi ali ndi pa mjigo, ku chigayo, ku kwaya, poyankhulira sipasowa. Bambo akafedwa timangomuuza kuti limbani mtima, ndife amuna, kwatha. Bambo wina wa mudzi woyandikana nafe anataya mkazi wake nthawi yomweyo. Ndalama za fodya analandira ndithu, koma zinathera ku kachasu, nazale ya chaka chotsatira sanafese n'komwe. Anthu amati ndi chidakwa. Ine ndimati ndi munthu amene sanalire, ndipo ifenso anzake sitidziwa kukhala pansi ndi mwamuna mnzathu popanda bawo kapena botolo pakati.

Chiliza cha achimwene tinamanga mu 2022 titakolola. Anthu anabwera ambiri kuposa a tsiku la maliro, abale a ku Mtunthama ndi a ku Kasungu boma omwe. Alamu analira tsiku limenelo kulira kwenikweni, amayi atawagwira uku ndi uku. Madzulo ake anadya nsima yonse, n'kuitanitsanso ina.