Zilape za M'timabokosi

Amalume anga anali kalaliki wa boma, munthu wa mau ochepa ndi pensulo yakuthwa. Madzulo akaweruka, anzao akuthamangira ku bawo, iwo ankakhala pakhonde ndi nyuzipepala yakale ya The Observer imene ankaipempha ku ofesi, maso ali pa tsamba la timabokosi. Angerezi amati crossword. Amalume ankangoti zilape za azungu. Nyuzipepala ya sabata yotsatira, imene munkakhala mayankho, kawirikawiri sinkawafika. Motero chilape chimodzi ankatha kugona nacho mwezi wathunthu.

Ine ndinkayesa kuti ndi masewera a anthu osowa chochita, kufikira tsiku limene anandikhazika pansi.

"Mphwanga, nyumba ya amai yopanda khomo nchiani?"

"Dzira," ndinatero.

"Kodi wokufunsayo wakunamiza?"

"Iyai."

"Nanga wakuuza?"

Ndinakhala chete. Iwo anati nzeru yonse ya timabokosito ili pomwepo: kubisa popanda kunama.

Mbiri yake ndinaidziwa pambuyo pake. Crossword yoyamba inatuluka mu 1913 m'nyuzipepala ya New York World, ndipo anaikonza ndi Arthur Wynne. Inali yosavuta: amakupatsa tanthauzo, iwe nkulemba liu. Koma ku Britain anaithira tsabola. Edward Powys Mathers, amene ankadzitcha Torquemada, anayamba mu 1926 kulembera The Observer zilape zokhotakhota zimene lero zimatchedwa cryptic. Atamwalira mu 1939 analowa m'malo mwake mphunzitsi wina, Derrick Macnutt, nadzitcha Ximenes. Maina awiriwa ndi a akuluakulu a bwalo la Inquisition la ku Spain, lija linkazunza anthu powafunsa mafunso. Komabe Ximenes yemweyo ndiye analemba buku mu 1966 loika malamulo a chilungamo pakati pa wofunsa ndi woyankha. Mwachidule, chilape chabwino chikhale ndi tanthauzo la yankho, njira ina yachinsinsi yofikira ku yankho lomwelo, ndipo pasakhale liu longodzaza malo.

Nthenda ya amalume inandigwira, ndipo ndili ku koleji ndinayamba kupeka zanga m'Chichewa. Tinkatumizirana m'makalata. Choyamba changa chinali chotere: "Wakuba wamkulu wa kumsika wapotoza lamba wachikopa (5)." Ndinachinyadira ngati mwana woyamba. Chinabwerera chitakhwatchidwa ndi pensulo. Amalume analemba m'munsi kuti, "Msikawu ndaufunafuna masiku awiri. Chikopanso ndachisenda, mulibe kanthu. Wanditumiza kudambo kopanda madzi. Uku si kuchenjera, nkunama."

Zinandipweteka, koma ankanena zoona. Atachotsa mankhusu panatsala mau atatu: "Wakuba wapotoza lamba (5)." Wakuba ndiye tanthauzo. Wapotoza akukuuza kuti usokoneze zilembo. Ukasokoneza zilembo za lamba upeza mbala. Liu lililonse lanyamula katundu wake, ndipo chiganizocho chikumveka ngati nkhani wamba ya kupolisi.

Chichewa chili ndi zovuta zake pa ntchitoyi. Mau athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho chilembo chomaliza sichimuthandiza kwenikweni woyankha. Koma chili ndi chuma chakenso. Mtengo womwewo mbalame zimaterapo, mtengo womwewo wogula amaudandaula. Ndiponso mau athu amabisalirana bwino. Amalume ananditumizira ichi: "Pakhomo wafika, wabisa chakumwa (4)." Tayang'anani pamene pakhomo akuthera ndi pamene wafika akuyambira: mo, wa. Mowa unali pamaso panga nthawi yonseyo, ine ndikuyang'ana mlendo.

Chaka china, nditayamba ntchito m'tauni, makalata ao anayamba kufupika. Ndinamva mphekesera kuti sakupeza bwino, ndipo ndinalemba kufunsa. Yankho linali mzere umodzi wokha, zilembo zake zonjenjemera: "Nsima ndadya, m'menemo muli kwathu kwa tonse (5)."

Mtima unakhala pansi. Munthu wodya nsima ndiye kuti ali bwino, ndinatero, ndipo kalatayo ndinaiika m'thumba la jekete. Ndinaiwala lamulo loyamba limene iwo anandiphunzitsa, lakuti chimene chiganizo chikuoneka ngati chikunena ndicho chophimba. Usiku wachitatu, tulo titasowa, ndinaitulutsa nkuyamba kuwerenga chilembo chimodzichimodzi. Nsima ndadya. Ma, nda. Kwathu kwa tonse.

Ndinakwera basi yoyamba m'mamawa. Ndinawapeza atagona pamphasa, ataonda kotero kuti ndinawazindikirira maso. Azakhali anati anali ataletsa aliyense kundiuza, poopa kuti ndingasiye ntchito yatsopano. Choncho sanaphwanye mau ao, komanso sanandinamize.

"Chakutengera masiku angati?" anafunsa.

"Atatu, amalume."

"Ng'ombe zitatu," anatero, monga timalipitsira wolephera chilape kumudzi. Ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Anakhala nafe masabata awiri.

Mu 2013 ndinawerenga kuti mbusa John Graham, amene ankalembera The Guardian pa dzina la Araucaria, anaulula za khansa yake kudzera mu crossword, ndipo anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 92. Ambiri anazizwa nazo. Ine sindinazizwe. Alipo anthu amene pakamwa pao pamalemera, koma choonadi sangachikwirire. Amachiika poti wochifuna achipeze.

Ndimapekabe zilape, ngakhale ondiyankha ndi ochepa. Ndikamaliza chimodzi ndimatenga pensulo nkufunsa liu lililonse kuti, iwe wanyamula chiani? Losowa yankho ndimalikhwatcha. Ng'ombe zitatu zija sindinalipirebe.