Mtengo wa Thadzi ndi Mazira Ace

Kuciyambi kwa caka ca 2023 ndinalandira kalata yocokera kwa mwana wa mlongo wanga, amene agwira nchito ku Johannesburg. Anati, Atsibweni, ndifuna kutenga ndalama zimene ndinasungira malata a nyumba ya amai, ndigule nazo masheya a ExxonMobil, kampani ya ku America yokumba mafuta. Sheya ndilo kagawo ka kampani, ndipo mwini wace alandirako phindu. Cimene cinamkopa mnyamatayo ndi ici: phindu la kampaniyo linakwera kucokera pa madola mabiliyoni 23 mu 2021 kufika pa 56 mu 2022.

Ine sindiri wamalonda iai, koma ndaphunzitsa ana kugawa zaka zambiri. Wogula thadzi sayang'ana nthenga, afunsa mazira. Momwemonso wogula sheya agawe mtengo wace ndi phindu limene sheyalo libala pa caka. Mtengo ukakhala madola 100, phindu 10, ndalama zibwera zitapita zaka 10. Phindu likamakula caka ndi caka, zakazo zicepa, ndipo mtengo wokwera uli nako kuyenera. Koma kodi kukulako kwacokera kuti?

Ndinafunafuna, ndipo ndinapeza kuti mu 2022 Russia anathira nkhondo Ukraine, mafuta nakwera kupitirira madola 100 pa mgolo. Mu 2020, pamene mliri wa Covid unaimitsa magalimoto ndi ndege, kampani yomweyo inataya mabiliyoni 22. Tsono ndinaphatikiza zaka zitatuzo, ndi kucotsapo cotayikaco: panatsala 57, ndiko kuti 19 pa caka. Sheya limene linaoneka lochipa poliyesa ndi phindu la 56, linadula pafupifupi katatu poliyesa ndi 19.

Ndinamyankha kuti, Mphwanga, sindinena kuti kampaniyo njoipa. Ndinena kuti sitiyesa munda ndi dzinja limodzi la mvula yabwino. Ndalama imene ungathe kuidikira zaka 10, uiyese kumeneko. Ya denga la amako iai.

Anakhala cete miyezi iwiri, ndipo mtima wanga unawawa, poyesa kuti ndamkhumudwitsa. Pambuyo pace malata anafika. Caka comweco phindu la kampaniyo linatsika kufika pa mabiliyoni 36. Abale, mukamva za phindu lokula msanga, muyambe mwafunsa zaka zam'mbuyo. Mlongo wanga sagonanso ndi mbale zolandirira madontho.