Lingaka la ku Delft

Mawu akuti lingaka ndinakumana nawo koyamba ndili mwana, ku Sande sukulu kwathu ku Dedza. Ali mu Buku Lopatulika, pa Eksodo 15:20, pamene Miriamu akutsogolera amayi kuvina ataoloka Nyanja Yofiira, ndipo akupezekanso mu Salimo 150. Aphunzitsi athu anangoti ndi kang'oma, ife n'kuvomera. Panalibe wofunsa kuti kang'oma kotani, kogwira bwanji, kolira motani. Ndinakula, ndinapita ku Zomba, ndinaphunzira za zilankhulo ku Chancellor College mpaka kulandira digiri, koma lingaka linakhalabe mawu a papepala. Ndadzaligwira ndi manja anga ndili ndi zaka 27, kuno ku Delft, kunja kwa mzinda wa Cape Town, pakhomo pa munthu wosadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa.

Kwa inu amene simunafikeko, Delft ndi lokeshoni yaikulu, a ku Lusaka angati komboni, yomangidwa pamchenga pafupi ndi bwalo la ndege. Inayamba mu 1989, ndipo zigawo zake zina zili ndi mayina a mizinda ya ku Netherlands: Leiden, Eindhoven, The Hague. Chakumbali kuli Blikkiesdorp, mudzi wa nyumba za malata okhaokha. Zilankhulo zomveka kwambiri m'misewu ndi Afrikaans ndi Chixhosa. Ine ndimachita lendi kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo ndimagwira ntchito yotsuka mbale m'khitchini ya malo ena odyera m'tauni. Digiri ili m'chikwama, pansi pa bedi.

Chinthu choyamba chimene Amalawi anzanga anandiphunzitsa nditangofika ndi kukhala chete. Foni ikalira uli m'takisi, usayankhe m'Chichewa. Ukamagula pashopu, nena mawu awiri, landira chenji, choka. Amene analipo mu Meyi 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo m'dziko lino, safuna kuzikumbuka, koma malangizo awo amachokera kumeneko. Ndinawamvera. Munthu amene ndinathera zaka zinayi ndikuphunzira mmene mawu amatulukira m'kamwa ndinasanduka katswiri wowameza.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala bambo wina wachikulire, Msilamu, kalipentala wopuma ntchito. Aliyense amawatcha Boeta, mawu aulemu a kuno otanthauza mkulu wako wamwamuna. Chaka chikamapita kumapeto, pakhomo pawo pamasonkhana achinyamata okonzekera tsiku la 2 Januwale, lotchedwa Tweede Nuwe Jaar, pamene magulu a Kaapse Klopse amaguba m'misewu ya mzinda atavala zonyezimira. Miyezi iwiri ndinkangomvera kudzera m'mipata ya matabwa. Lamulungu lina ndikuchapa, ndinayamba kugogoda ndowa motsatira ng'oma zawo, osadziwa kuti akundiona. Anasuzumira pampanda nati, “Iwe Malawi, ndowayo yakulakwira chiyani? Bwera kuno.”

Anandipatsa ng'oma yonga lichero: mkombero wa thabwa lopindidwa, wosazama, ndi chikopa cha mbuzi chokungidwa mbali imodzi yokha. Iwo amati tamarien. Anandiuza kuti pamwambo wa chipembedzo wotchedwa ratiep akuluakulu amatchulanso rebana, liwu la Chimalay lomwe linaoloka nyanja ndi akapolo ndi andende ochokera kuzilumba za Indonesia, monga Sheikh Yusuf wa ku Makassar amene anamubweretsa ku Cape mu 1694. Aarabu amati duff, Aswahili dufu, ndipo Chihebri cha pa Eksodo paja chimati tof. Nditaizondotsa m'manja, ndinazindikira kuti ili ndi lingaka lija.

Tsiku loyamba sanandilole kuomba. Linali la kagwiridwe kokha. Ng'oma imaima chilili pa dzanja lamanzere, chikopa chitayang'ana kutsogolo. Mkombero umakhala pampata wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Chachikulu chimagwira mkati, zinazo zimapindikira kutsogolo kuti nsonga zake zifike m'mphepete mwa chikopa. Ine ndinaifinya ngati nkhuku yofuna kuthawa. Boeta anagogoda chikopa, liwu linatuluka lakufa. Anamasula zala zanga chimodzichimodzi, nagogodanso, ng'oma inalira. Mkombero nawo umanjenjemera, anatero, ndipo ukaupana waitseka ng'oma pakamwa. Pasanathe mphindi khumi mkono unali utalema, chifukwa ndinkanyamula ndi phewa m'malo molola kulemera kwake kutsikire m'chigongono.

Sabata yotsatira anandipatsa mawu atatu, nati ena onse ndi ana a amenewa. Loyamba ndi dum, liwu lalikulu lapansi. Siliombedwa pamchombo penipeni pa ng'oma, chifukwa pamenepo liwu limafa msanga. Malo ake ali pakati pa mchombo ndi mkombero. Zala zimagwa pamodzi zili zofewa, ndipo zikangokhudza zimabwerera, monga umachitira poyesa ngati mphika watentha. Lachiwiri ndi tak, liwu laling'ono lakuthwa, loombedwa ndi nsonga ya chala chovala mphete pamene chikopa chakumana ndi thabwa. Lachitatu ndi pa: chikhatho chonse chimagwa n'kukhala pomwepo, kutseka liwu. Mphamvu ya onsewa imachokera pakutembenuza dzanja pamfundo yake, monga potsegula chitseko kapena popeta mphale. Mkono wonse suyenera kukwera ndi kutsika.

Dum ndi amene anandizunza. Zala zanga zinkafika pachikopa n'kumatirira, ndipo dum aliyense ankatuluka ngati pa. Ndikafuna kukonza ndinkawonjezera mphamvu, mpaka chala chapakati chinatupa, m'mawa mwake madzi otentha a kuntchito n'kumandiluma. Boeta sanakalipe. Anandilanda ng'oma nati ndiyende m'bwalo, phazi lililonse likaponda ndinene dum, pakati pa mapazi ndinene tak. Chimene pakamwa sipangathe kunena, anatero, dzanja silingachiombe. Ndinayenda chozungulira ngati mwana wophunzira kuguba, adzukulu awo akuseka pakhonde. Kuona maso a nkhono n'kudekha: panapita masabata atatu kuti dum wanga woyamba alire yekha mpaka kuzirala, ndipo ndinaumva m'chifuwa ndisanaumve m'makutu.

Apa ndi pamene sukulu yanga inayamba kugwira ntchito. Chichewa chili ndi mamvekedwe awiri, okwera ndi otsika, ngakhale sitiwalemba. Mtengo wa m'nkhalango umakwera pa te, pamene mtengo wa pamsika ndi wotsika ponseponse. Ndinayesa pang'oma: dum tak dum, mtengo womera, dum dum dum, mtengo wogulira. Ndinawafotokozera Boeta kuti kwathu kusiyana kumeneku n'kokwanira kusintha tanthauzo la liwu. Anandiuza kuti ndibwereze, kenaka anaomba okha n'kundifunsa kuti anena uti. Limeneli ndilo liwu loyamba la Chichewa limene ndinalitchula mokweza pabwalo ku Delft, ndipo amene analimva anali nkhalamba yolankhula Afrikaans, ng'oma ili m'manja.

Panali ng'oma inanso pakhomopo, yaitali, yopangidwa ndi timatabwa tolumikiza ngati mbiya ya vinyo. Dzina lake ndi ghoema, ndipo ndiyo mtima wa nyimbo za Klopse. Ambiri amene alemba za nyimbo za kuno amati liwuli linachokera ku ngoma, lomwe ndi ng'oma yathu yomweyi, liwu lopezeka m'zilankhulo zambiri za Chibantu. Njira yake si yovuta kuilondola. Akapolo ambiri a ku Cape anachokera ku Mozambique, ndipo zidzukulu zawo zinkatchedwa Mozbiekers. Misika ya kugombe kuja inkalandira anthu ogwidwa kumtunda, kumaiko a Amakua, Ayao ndi Amaravi. Pa 27 Disembala 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José, chochokera ku chilumba cha Mozambique kupita ku Brazil ndi akapolo oposa 500, chinasweka pamiyala pafupi ndi Clifton. Oposa 200 anamira, opulumuka anagulitsidwa konkuno. Ukapolo unathetsedwa pa 1 Disembala 1834, ngakhale anthuwo anagwirabe ntchito mokakamizidwa mpaka 1838. Nditawauza Boeta kuti kwathu timati ng'oma, anakhala chete kanthawi, kenaka anandiuza kuti ndinenenso pang'onopang'ono. Ng' wa kumayambiriro anawavuta, monga amavutira aliyense wosabadwa naye, koma anayesa katatu.

Dzinja la kuno limabwera pakati pa chaka, Juni mpaka Ogasiti, ndi mvula ndi chinyontho. Chikopa chimalefuka, dum amamveka ngati waponda matope, tak amasowa. Boeta anayatsa kambaula, nayamba kuzunguza ng'oma chapatali ndi moto, akusisita chikopa ndi chikhatho, akugogoda pang'ono kuti amve pamene liwu lafika. Anandichenjeza kuti ndikayandikitsa kwambiri chidzang'ambika. Ine ndinaima chilili, chifukwa zimenezi ndinaziona kale. Ndi mmene amalume anga ankawambira ng'oma pamoto wa udzu, gule asanatuluke.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali woimba mbalule wodziwika m'midzi yozungulira kwathu. Mbalule ndiyo imatsogolera ng'oma zina monga mpanje ndi gunda; imatsata mapazi a wovina, kumuitana ndi kumubweza. Amayi anali a mpingo, ndipo mwana wa sukulu sankaloledwa kuyandikira kumeneko. Ndinkaonera patali, nditabisala kuseri kwa nkhokwe. Ku Zomba ndinawerenga kuti mu 2005 UNESCO inaika Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo ndinalemba zimenezi pamayeso n'kukhoza bwino. Koma sindinakhalepo pansi ndi amalume kuwafunsa kuti dzanja amaliika pati. Ndinkawapatsa moni, kuwasiyira ya sopo, n'kubwerera kutauni. Lero nyamakazi yawapinda zala, ndipo mbalule anaisiyira ena.

Mwezi wathawu ndinalimba mtima. Ndinajambula pafoni kaimbidwe kanga ka mphindi imodzi n'kutumiza pa WhatsApp kwa msuweni wanga, kuti akawamvetsere. Yankho linabwera patapita masiku awiri. Poyamba kunali kuseka, kenaka chifuwa, kenaka mawu awo: “Mphwanga, ndamva. Koma ukuimenya. Ng'oma saimenya ngati wakuba, amaiimba. Dzanja lamanzere likugona, ulidzutse.” Atatero anayamba kuimba ng'oma ndi pakamwa, mawu okwera ndi otsika, aatali ndi odukiza, kwa mphindi zitatu zathunthu. Ndinakhala pabedi usiku wonse ndi kope ndi pensulo, ndikulemba liwu lililonse ndi zizindikiro zimene ndinaphunzira ku Zomba. Aka n'koyamba kuti zizindikirozo zigwire ntchito pa munthu wa mtundu wanga.

Mawu awo andiganizitsa za mneni amene timagwiritsa ntchito. Kwathu timati kuimba ng'oma, monganso mwambi uja wakuti chakudza sichiimba ng'oma. Timatinso kuomba, mneni womwewo wa m'manja ndi wa mphepo. Anzanga a ku Chipata amene ndimagwira nawo ntchito ndimawamva akuti kuliza, ndipo achinyamata a m'tauni ambiri amati kumenya. Kale ndikanati onsewa ndi ofanana, kusiyana kwake ndi dera basi. Tsopano zala zanga zikutsutsa. Womenya amaganiza za kufika kwa dzanja pachikopa. Woliza ndi woimba amaganiza za chimene chimatsala dzanja litachoka. Boeta ndi amalume sanaonanepo ndipo alibe chilankhulo chowalumikiza, koma cholakwa chimene anapeza mwa ine n'chimodzi.

Sindinafike patali. Ndikhoza kusunga kaimbidwe kamodzi kwa mphindi zisanu osasokoneza, ndipo zala ziwiri za kumanzere zayamba kuyankha tak wa kumanja, ngakhale mochedwa. Boeta akuti Januwale akubwerayu ndikhoza kuyenda kumbuyo kwa gulu, pakati pa ana, kumene cholakwa sichimveka. Ndawauza kuti ndiganiza kaye. Kuyenda m'misewu ya Cape Town ndikupanga phokoso, nkhope ili poyera, ndi chinthu chimene ndakhala ndikuchipewa chifikireni, ndipo mantha aja sanathe. Chimene chasintha n'chakuti pakhomo paja sanditchanso Malawi. Anafunsa dzina langa, ndipo amalitchula ndi mamvekedwe ake olondola, chifukwa ndinawaombera pang'oma.

Amalume atumizanso mauthenga ena awiri, ndipo kope lafika tsamba la 14. Ndawalonjeza kuti ndikapeza ya basi ndidzabwera ndi lingaka kuti alione, iwo akuti ndifulumire chifukwa makutu nawo ayamba kutseka. Pakadali pano ndikupempha inu a ku Katete ndi Chadiza, a ku Angónia ndi Macanga, a ku Lichinga ndi m'mbali mwa nyanja, ndi inu obadwira ku Harare ndi Bulawayo: kwanu ng'oma mumaiimba, mumaiomba, mumailiza kapena mumaimenya? Ndipo ngati agogo anu amatchula lingaka kunja kwa tchalitchi, afunseni kuti ndi ng'oma yotani, mulembe mmene anenera, ndi dzina la mudzi wawo. Loweruka ndili ndi phunziro la dzanja lamanzere.