Chigamulo choyamba sichitseka nkhokwe

Ukwati ukamathera kukhoti, sutha tsiku limodzi. Woweruza amayamba wapereka chigamulo choyembekezera, chimene akatswiri a malamulo amachitcha decree nisi, ndipo chomaliza, decree absolute, chimadza pambuyo pake. Pakati pa zigamulo ziwirizi, pamaso pa lamulo anthuwo akadali mwamuna ndi mkazi wake.

Mchemwali wanga anadutsa m'nyengo imeneyi. Chigamulo choyamba chitangoperekedwa, alamu anga anasiya kutumiza ufa ndi ndiwo. Usipa unkafa bwino chaka chimenecho, boti lawo linkakocheza lodzaza, koma ankhoswe atawafunsa anayankha kuti khoti lawamasula. Ana atatu ankadya kwa amayi athu, ndipo wamkulu, amene anali kusekondale, anakhala pakhomo milungu ingapo posowa fizi.

Alamuwo pepala lija analimva molakwika. Chigamulo choyamba sichifafaniza udindo wosamalira mkazi, ndipo ngati khoti linalamula kale ndalama ya mwezi ndi mwezi, imayenera kuperekedwabe kufikira khotilo litanena zina. Za ana ndiye sizidalira n'komwe chigamulo cha ukwati: lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lisamalire mwana wake, ukwati ukhalepo kapena uthe. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsanso mkazi ufulu wolandira chisamaliro choyenera ukwati ukatha.

Chimene chinandiwawa n'chakuti ife Asilamu nyengo yodikira yotere timaidziwa kale. Mwamuna akapereka twalaq yoyamba, mkazi amakhala pa edda, ndipo chakudya, chovala ndi pogona zimakhalabe pamutu pa mwamunayo. Ngati mkaziyo ndi woyembekezera, kufikira atabereka. Edda ndi decree nisi sizifanana m'zonse, pakuti ina ndi ya Shariya, inayo ndi ya boma. Koma zonse ziwiri zimasiya mpata woti mitima ikazizira, anthu abwererane. Womana mkazi wake chakudya m'masiku amenewo amawononga mpatawo ndi manja ake.

Mchemwali wanga anakadandaulanso kukhoti, ndipo ndalama zinayamba kubwera, koma mtima wobwererana unali utachoka. N'chifukwa chake ndikupempha inu ankhoswe ndi masheikh athu: pokhalira pansi nkhani ya banja logwedezeka, musanafunse kuti wolakwa ndani, yambani mwafunsa kuti ana adya chiyani lero.