Alendo a Ngolo Zogonamo m'Misewu ya Balaka ndi Machinga

Wolemba Mlangizi wa Zaulimi

Inu owerenga, makamaka inu a kwa Nsamala, kwa Kalembo, kwa Sitola ndi kwa Liwonde, mwakhala mukuona m'miyezi ya chilimwe galimoto zikudutsa pamudzi panu zikukoka kangolo pambuyo. Ana amathamangira kumsewu, akulu nafunsana kuti kodi mmenemo muli katundu wanji. Mulibe katundu wamalonda ayi. Kangolo kameneko, kamene ena amakatcha kalavani, ndi nyumba yoyenda nayo. Muli pogona, hema wopinda, thanki ya madzi, chitofu cha gasi ndi mbale zodyera. Eni ake ndi alendo, ena a kuno konkuno, ena ochokera kutali monga ku South Africa, ndipo ntchito yawo ndi imodzi: kuona dziko ndi kulijambula. Tiyeni lero tiwatsate pa ulendo wawo, kuti mudziwe chimene amadzafuna kwanu kuno, ndi chimene inu mungatolepo.

Kuchokera pa Chingeni kufika ku Shire

Mlendo wochokera ku Lilongwe amasiya msewu waukulu pa Chingeni nalowera ku Balaka. Boma la Balaka ndi laling'ono pa zaka, pakuti linapatuka ku Machinga mu 1998. Dziko lake ndi lachigwa, lotentha, la thonje ndi milambe. Inu mlambe mumauona tsiku lililonse ndipo simucheuka nawo, koma mlendo amaimika galimoto, nadikira dzuwa lipendeke, kuti aujambule uli wofiirira. Akatha amagula malambe kwa amayi a m'mbali mwa msewu. Amajambulanso sitima, chifukwa kumwera kwa Balaka kuli Nkaya, pamene njanji imapatukira kunka ku Nayuchi ndi ku Nacala. Njanji ya ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970.

Pa Liwonde mlendo amawoloka Shire pa Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965. Ambiri mumaiyesa mlatho chabe, koma zitseko zake ndizo zimagwira madzi ochokera ku nyanja ndi kuwatulutsa mwa muyeso, kuti makina a magetsi a ku Nkula ndi ku Tedzani asasowe madzi m'chilimwe.

M'kati mwa nkhalango ya nyama

Mtunda wochepa kuchokera pa tauni ya Liwonde pali chipata cha Liwonde National Park, pafupi ndi phiri la Chinguni. Boma linakhazikitsa malo amenewa mu 1973, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Mbali yaikulu ili kum'mawa kwa Shire, m'boma la Machinga, kukwera mpaka ku nyanja ya Malombe. Pali njira inanso yodzera ku Ulongwe, m'boma la Balaka: munthu amatsata msewu wafumbi mpaka pagombe, nasiya galimoto, nawoloka pa boti kupita ku Mvuu.

Mlendo wa ngolo amamanga hema wake pa malo okhawo amene oyang'anira anaika. Sagona paliponse ayi, chifukwa usiku mvuu zimatuluka m'madzi kukadya msipu. Amadzuka kusanache, pakuti nyama zimayenda m'mawa ndi madzulo, masana zimabisala m'mithunzi ya mitengo ya tsanya. Mu September ndi October madambo atauma, nyama zonse zimatsikira ku Shire. Pamenepo mudzaona njovu zikusamba, ng'ona zikuwothera dzuwa pamchenga, nswala ndi anakodzwe zili mbwee padambo, njiri zitagwada, ndi nkhwazi ili pamwamba pa mtengo kudikira nsomba. M'dzinja ulendo wotere ndi wovuta. Alimi mukulidziwa dothi la makande mmene limamatira kukhasu. Limagwiranso matayala chimodzimodzi, ndipo misewu yambiri ya m'katimo sipitika.

Zaka zapitazo nkhalango imeneyi inali itatsala pang'ono kutha. Misampha ya waya inali ponseponse, mikango inali itatheratu, ndipo njovu zinkatuluka kukaononga minda ndi kupha anthu. Mu 2015 Boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti lisamale malowa. Anamanga mpanda wa magetsi, nachotsa misampha yambirimbiri. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwa pa malole kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Akakwiyo anabwezedwa mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Ndicho chifukwa chake ngolo zija zachuluka pamsewu panu.

Mlimi amene munda wake uli m'mbali mwa mpanda angathe kunena kuti: "Chithunzi cha njovu sichikhutitsa ana anga." Mawu amenewo ndi oona, ndipo sitiwanyoza. Njovu imodzi ingathe kutha chimanga cha banja lonse usiku umodzi. Koma taganizani bwino. Waya wa mpanda ukadulidwa kuti munthu akatchere nyama, njovu imadzera pomwepo, ndipo imayambira munda wa mnansi wanu kapena wanu womwe. Mukaona mpanda woduka, kauzeni mfumu ndi oyang'anira nyama tsiku lomwelo. M'minda ya m'malire bzalani tsabola, pakuti njovu simudya ndipo imadana ndi fungo lake, komanso tsabolayo ali ndi msika. Pachikani ming'oma ya njuchi, chifukwa njovu imaopa njuchi, ndipo uchi alendo omwewo amagula.

Njira za kumidzi

Mlendo wodziwa kuyenda sathera m'nkhalango mokha. Amatenga msewu wa ku Nsanama ndi ku Ntaja, napatukira m'tinjira ta fumbi totsikira ku nyanja ya Chilwa kapena ya Chiuta. Kumeneko amajambula mapiri a Chikala, minda ya mpunga, mabwato, ndi matemba ali pa thandala. Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulukira, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Inalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha mbalame zake.

M'njira zimenezi mlendo amafuna zinthu zinayi: madzi, nkhuni pang'ono, ndiwo, ndi munthu womulozera njira. Mugulitseni mazira, tomato, nthochi, mikeka ndi madengu pa mtengo woyenera. Musakweze mtengo chifukwa mwaona galimoto, pakuti alendo amauzana, ndipo mudzi wa chilungamo umalandira ena. Aletseni ana anu kuthamangira galimoto ndi kupempha ndalama. Ngolo imatsatira pambuyo, ndipo woyendetsa samuona mwana amene wadumphira pakati.

Pa za kujambula, dziwani kuti muli nawo ufulu. Mlendo waulemu amayamba wapereka moni, napempha. Mukakana, wakana mwini wake. Kumanda, mu mzikiti ndi ku ndagala asaloze kamera popanda chilolezo cha mfumu ndi akuluakulu. Mfotokozereni mofatsa, pakuti nthawi zambiri salakwa dala, koma sadziwa mwambo wathu.

Chimene chithunzi chimanena

Tsono imvani mawu aakulu a nkhani ino. Chithunzi sichiiwala monga amaiwalira munthu. Phiri limene mumaliona tsiku ndi tsiku limameteka pang'onopang'ono, mtengo umodzi lero, wina mawa, ndipo maso amazolowera. Koma ikani pamodzi zithunzi ziwiri za phiri lomwelo, china chakale china chatsopano, mudzaona matumba a makala aja kumene anachokera. Mitengo ikatha m'phiri, madzi a mvula amatsika ndi liwiro, nakumba zigwembe m'minda, natenga nthaka kukaitaya mu Shire. Mvula ya namondwe Freddy mu March 2023 inaonetsa zimenezi m'Chigawo cha Kumwera chonse.

Masiku ano pafupifupi m'mudzi uliwonse muli foni yojambula. Sankhani malo amodzi, pamwala kapena pa mlambe wodziwika, ndipo chaka chilichonse mu October jambulani phiri lanu, chigwembe chanu ndi nkhalango ya mudzi, mutaima pomwepo. Sungani zithunzizo kwa mlembi wa komiti ya mudzi. Pakatha zaka zisanu simudzatsutsana pabwalo kuti akalozera, udzu wa vetiva ndi mitengo yobzala zikuthandiza kapena ayi, zithunzi zidzaweruza.

Ndiponso musasiyire alendo okha nkhalango yanu. Mzika ya Malawi imalipira ndalama zochepa pachipata kusiyana ndi mlendo wakunja. Alipo ana ambiri obadwira m'mbali mwa mpanda amene njovu amangoidziwa ngati mdani wa usiku, sanaionepo masana ikumwa madzi ndi ana ake. Mukakolola, kambiranani ndi aphunzitsi ndi kalabu yanu ya alimi, sonkhani za galimoto, mupite nawo.

Amene ali ndi funso pa kabzalidwe ka tsabola kapena kasungidwe ka njuchi aonane ndi mlangizi wa dera lake, kapena alembere kalata kwa Mkonzi.