Zidutswa za nsalu zinandidzutsa

Bambo a ana anga atamwalira, abale awo anabwera n'kunyamula katundu yense, mpaka makina osokera amene ndinkadyetsera ana. Anandisiyira thumba la zidutswa za nsalu poganiza kuti ndi zinyalala. Kujambula ndinkakukonda kuyambira ndili pasukulu, koma penti ndikanamugula ndi chiyani pamene ndi sopo yemwe ankasowa? Ndinkangokhala pakhonde dzanja lili patsaya, anthu n'kumanena kuti mayi uja wayamba kudwala maganizo. Sankanama.

Amene anandithandiza ndi mwana wa achemwali anga. Tsiku lina anati, "Amayi aang'ono, taonani izi," n'kundipatsa foni. Ndinkayesa zithunzi zapenti, koma nditayang'anitsitsa ndinaona ulusi. Zinali ntchito za mayi Billie Zangewa.

Mayiwa anabadwira ku Blantyre m'chaka cha 1973, bambo awo a ku Malawi, mayi awo a ku South Africa, ndipo anakulira ku Botswana. Ku yunivesite ya Rhodes anaphunzira luso losindikiza zithunzi, lomwe limafuna makina akuluakulu amene munthu sangakhale nawo pakhomo. Iwo anatembenukira ku singano. Amadula tizidutswa ta nsalu ya silika, n'kutisanja, n'kutisoka pamanja mpaka nkhope ya munthu kuoneka. M'chaka cha 2004 analandira mphotho ya Gerard Sekoto chifukwa cha zikwama za amayi zomwe anasokapo mzinda wa Johannesburg, kumene amakhala. Mu 2021 ntchito zawo zinaonetsedwa ku Museum of the African Diaspora ku San Francisco.

Koma chimene chinandigwira mtima si mphothoyo. Ndi zimene amasoka. Sasoka mafumu kapena nkhondo ayi. Amasoka mayi ali kukhitchini, mayi akuperekeza mwana kusukulu, mwana ali m'tulo. Ntchito zimene tonse timati n'zachabechabe, zimene palibe amatithokozapo, iwo amaziika pa silika wonyezimira. Ndiponso nsalu zawo siziwongoka m'mphepete. Pena pamakhala poti padulidwa, ndipo amapasiya pomwepo osapabisa. Ine ndinali munthu wodulidwa mbali ina, ndiye ndinamva kuti akulankhula nane.

Usiku womwewo ndinakhuthula thumba lija. Silika ndinalibe, koma zitenje zinalipo. Ndinaphika phala la ufa wa chinangwa kuti likhale guluu, n'kumata zidutswazo pa katoni pamodzi ndi manyuzipepala akale, mabatani ndi mapepala a shuga. Choyamba ndinapanga chithunzi cha malemu amuna anga atakhala pampando, malaya ake ndinadula ku malaya awo enieni. Ndinalira kwambiri, koma kuchokera pamenepo tulo tinayamba kubwera.

Chithunzi chimenecho sindigulitsa. Zinazo ndimagulitsa, poyamba kwa amayi anzanga a kumpingo, kenako kwa alendo obwera kunyanja. Sindinalemere, koma ana anga ali pasukulu, ndipo makina ena ndinagula ndi thukuta langa. Ndikuthokoza Mulungu amene anatseka maso a anthu aja kuti asaone thumba lija.

Inu atelala, zidutswa zija musamaziotche. Ndipo inu amayi amene mwalandidwa zonse, yang'anani bwino zimene akusiyirani, muyambire pomwepo.